Liu la pa Msana wa Buku Lakale

Mvula itakata chaka chathachi, tidaganiza zotsekula kachipinda ka mabuku ka pa parishi pano, kamene kadakhala chitsekere kwa zaka zambiri. Mabukuwo adawasiya ansembe achimishoni amene adatumikira kuno kale. Ena mwa iwo ali chigonere kumanda a kuseri kwa tchalitchi, ena adabwerera kwao atakalamba. Titakankha chitseko tidapeza kuti chiswe chidatitsogolera. Mashelefu awiri apansi adali dothi lokhalokha, ndipo mabuku ena ukawanyamula ankangoyoyoka ngati fodya wouma. Tidaitana mphunzitsi wathu wa katekisimu, mkulu wa imvi mbuu amene adayamba ntchitoyi ife tisanabadwe, kuti atithandize kusankha oyenera kusunga ndi oyenera kutaya.

Dzuwa litapendeka, mkuluyo adatola buku lakuda, lochindikala ngati njerwa, nalipukuta ndi mkono wa malaya. Pa msana pake padali zilembo zagolide zozilala. Adaziwerenga pang'onopang'ono, chala chili pa chilembo chilichonse: Tractatus de Gratia.

"Bambo," adatero, "liu lomalizali ndikulidziwa kuchokera masiku amene tinkatumikira Misa ya Chilatini, ndi chaulere chija timaphunzitsa ana. Nanga loyambali likuti chiyani?"

"Limenelo likungotanthauza buku, a mphunzitsi," tidayankha ife, maso ali pa mulu wina.

Adakhala kaye chete, akulitembenuza bukulo m'manja. Kenaka adati: "Pepanitu Bambo, ine sukulu sindidapite nayo patali. Koma ngati ndi buku basi, adalemberanji pa buku kuti buku? Kodi munthu amalemba pa mbuzi kuti mbuzi?"

Tidaseka, koma kuseka kwake kudali kobisa manyazi. Ku seminale tidakhalako zaka zambiri, ndipo liu limeneli tinkakumana nalo kawirikawiri pa misana ya mabuku akale a mu laibulale. Aphunzitsi athu ankalitchula pogawa maphunziro, ife n'kumalemba, n'kukhoza mayeso, koma palibe tsiku limene tidaima n'kulifunsa kuti, kodi iwe kwanu n'kuti? Akulu adati safunsa adadya phula. Usiku umenewo tidayatsa nyali, tidatsitsa mabuku otanthauzira mau, ndipo zimene tidapeza ndizo tikufuna kugawana nanu pa tsamba lino, pakuti zidatiphunzitsa zoposa Chilatini.

Pa Chilatini pali mneni wakuti trahere, kutanthauza kukoka kapena kuguza. Ife pa Chichewa tikafuna kuonetsa kuti chinthu chikuchitika mobwerezabwereza timabwereza tsinde la mneni: kuyenda, kuyendayenda, kufunsa, kufunsafunsa, kukoka, kukokakoka. Aroma nawo adali ndi njira yawoyawo yochitira zomwezo, ndipo kuchokera ku trahere adaumba mneni wina wakuti tractare. Poyamba mneni ameneyu ankanena za kukokakoka chinthu uku ndi uku, kenaka za kuchigwira ndi manja, kuchitembenuza, kuchisamala ndi kuchigwiritsa ntchito. Pomalizira pake adayamba kunenanso za nzeru ndi pakamwa: kutenga nkhani, kuitembenuza mbali zonse, osaisiya mpaka itafewa. Dzina lakuti tractatus lidabadwa pamenepo. Tanthauzo lake loyamba si pepala kapena chikuto ayi, koma ntchito ya manja pa chinthu chouma.

Amene adaonako munthu akufufuta chikopa amvetsa msanga. Chikopa cha mbuzi chikauma chimakhala gwa, ndipo ukachipinda mwaukali chimasweka. Wofufuta sathamanga. Amachinyowetsa, amachipala, amachikoka cha uku, n'kuchikoka cha uko, amachitikita pakati pa manja awiri, n'kuchisiya chigone, m'mawa n'kuyambanso. Tsiku lina chikopa chija chimalola, chimapindika popanda kuthyoka, ndipo chikhoza kukutira ng'oma kapena kuberekera mwana monga ankachitira makolo. Buku lotchedwa tractatus ndi nkhani imodzi yofufutidwa chotero: mlembi amasankha mutu umodzi wokha, amaugawa m'zigawo mwadongosolo, amayankha mafunso amene munthu woganiza angafunse, ndipo sachoka pa mutuwo asanautsirize.

Liuli lili ndi abale ambiri, ndipo ena mwa iwo adafika kale m'midzi mwathu ife osadziwa kuti ndi a mtundu umodzi. Thirakitala imene imakoka khasu lalikulu m'minda ya pa esiteti dzina lake lidachokera ku trahere yemweyo; ndi chokoka basi. Kontirakiti imene mlimi wa fodya amasaina ndi kukokera pamodzi anthu awiri kuti amangidwe ndi mau amodzi. Pa Chingerezi, liu la pangano la pakati pa maiko, treaty, lidadzera ku Chifalansa kuchokera ku tractatus. Ndipo mneni wakuti treat, amene amanena za dokotala wosamala wodwala ndiponso za m'mene munthu amakhalira ndi mnzake, ndi mdzukulu wa tractare. Taonani tsono: kulima, kupangana, kuchiza ndi kulemba buku lozama, zonsezi chinenero chidaziika m'banja limodzi. Pa zonsezi pamafunika dzanja lokhalitsa pa chinthu.

Akhristu oyamba olankhula Chilatini adalitenga liuli n'kulipatsa ntchito yatsopano. Kwa iwo tractatus udali ulaliki umene episkopi ankafotokozera anthu Malembo Oyera, ndime ndi ndime. Wodziwika kwambiri pa ntchito imeneyi ndi mwana wa Afrika, Augustino Woyera, amene adabadwa ku Thagaste m'chaka cha 354 namwalira m'chaka cha 430 ali episkopi wa Hippo, mzinda wa padooko umene lero ukutchedwa Annaba, m'dziko la Algeria. Iye adatisiyira maulaliki 124 ofotokoza Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Yohane, ndi ena 10 ofotokoza kalata yoyamba ya Yohane, ndipo onsewa amatchedwa ndi dzina lomwe lija la pa msana wa buku lathu. Adayamba cha m'ma 406, ndipo ntchitoyo idatenga zaka zoposa khumi, poti ankaisiya n'kuibwereranso.

Tisaganize kuti ankalankhula ndi ophunzira okhaokha. M'tchalitchi la ku Hippo munkadzaza asodzi, amalonda, alimi, amai ndi ana awo, ambiri osadziwa kuwerenga. Mwambo wa kumeneko udali wakuti episkopi ankalalika atakhala pa mpando, anthu ataimirira. Pambali pankakhala alembi a dzanja lachangu amene ankalemba mau ake mwachidule pamene iye akulankhula. N'chifukwa chake ambiri mwa maulalikiwa amamveka ngati munthu akucheza nawe, akufunsa, akudziyankha, akupempha kuti mupirire pang'ono poti dzuwa lakwera. Nthawi ya Pasaka itafika, pokhala kuti masikuwo adali ndi mawerengo akeake, adaimika kaye Mthenga Wabwino n'kutenga kalata ya Yohane, kenaka n'kubwerera pamene adalekezera. Ena mwa maulaliki omalizira sadawalalike pagulu koma adachita kuwatchulira alembi. Chimene chidatikhudza ife n'chakuti munthu wanzeru zakuya chonchi sadaone chachilendo kukhala zaka ndi buku limodzi pamodzi ndi asodzi, osathamangira kumapeto.

Padalinso china chimene sitinkachidziwa. Kumayambiriro kwa kalata yoyamba ya Yohane, pamene mtumwi akukumbutsa kuti iwo adamkhudza Ambuye ndi manja awo, Baibulo la Chilatini limene lidawerengedwa m'matchalitchi kwa zaka mazana angapo lili ndi mneni wakuti contrectare, mphukira ya tractare yemwe uja. Ndiponso m'kalata yachiwiri ya kwa Timoteo, mutu 2, ndime 15, pamene Paulo akulangiza mtumiki wachinyamatayo za kagwiridwe koyenera ka mau a choonadi, mneni wake pa Chilatini ndi tractare. Mlaliki tsono ndi munthu amene wapatsidwa chinthu m'manja, ndipo adzafunsidwa m'mene adachigwirira.

Patapita zaka mazana ambiri, masukulu aakulu atayamba ku Ulaya, liuli lidachoka pa guwa n'kulowa m'kalasi. Pamenepo mpofunika kulisiyanitsa ndi anzake. Buku limene limasonkhanitsa phunziro lonse m'malo amodzi ankalitcha summa, ngati nkhokwe. Kabuku kachidule koyenda nako m'manja ankakatcha enchiridion, liu la Chigriki lonena za chinthu cha m'dzanja. Koma tractatus ndi munda umodzi wolimidwa mpaka m'malire. Tomasi Woyera wa ku Aquino, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adalemba Summa Theologiae, naisiya yosatsiriza m'chaka cha 1273. Ophunzira a m'mbuyo mwake ndiwo adazolowera kutchula zigawo zake kuti tractatus wa za malamulo, tractatus wa za chaulere, ndi ena otero. Kuchokera pamenepo maseminale adagawa maphunziro a za Mulungu m'mitu yotere: za Mulungu Mmodzi, za Utatu Woyera, za Mau wosanduka munthu, za Eklezia, za masakramenti. Buku limene mphunzitsi wathu adatola lidali limodzi mwa amenewa.

Kachitidwe ka Tomasi n'koyenera kukaima napo pang'ono. Pa funso lililonse sayamba ndi maganizo ake ayi. Amayamba wandandalika mfundo za amene akutsutsana naye, ndipo amazinena mwamphamvu, mwina kuposa m'mene eni akewo akadazinenera. Akatero ndiye amapereka yankho lake, n'kubwereranso ku mfundo za otsutsa zija, kuziyankha imodziimodzi. Aliyense amene adakhalapo pa bwalo la mfumu ya mudzi azindikira dongosolo limeneli: woweruza salankhula mpaka onse awiri atakhuthula za kukhosi, ndipo nduna imabwereza mau a aliyense kuti mwini wake avomere kuti, inde, ndi zimene ndanena.

Abale athu Achiyuda nawonso ali ndi mabuku amene anthu a ku Ulaya amawatcha ndi dzina lomweli. Mishnah, mpukutu wa malamulo ndi miyambo yao umene udasonkhanitsidwa cha m'ma 200 motsogozedwa ndi Rabbi Judah ha-Nasi, ili ndi zigawo zazikulu 6, ndipo m'kati mwake muli mitu 63. Pa Chihebri mutu uliwonse umatchedwa masekhet, liu la owomba nsalu, lonena za ulusi woyalidwa pa chowombera. Liu la mtundu womwewo limapezeka m'buku la Oweruza, mutu 16, pa nkhani ya Delila amene adalukira tsitsi la Samisoni ku nsalu imene inkawombedwa. Aroma adaona manja okoka chikopa, Ayuda adaona manja oluka ulusi. Onse awiri adaona manja. Pali mutu wa za madalitso, wa za Sabata, wa za Pasaka, ndipo pali wina wotchedwa Beitzah, ndiye kuti Dzira, chifukwa umayamba ndi funso la dzira loikiridwa pa tsiku la chikondwerero, ngati n'kololedwa kulidya. Wina akhoza kuseka. Koma aphunzitsi amenewo ankakhulupirira kuti pa moyo wa munthu palibe kanthu kochepa kosayenera kukaganizira bwino. Ndiponso adali ndi khalidwe lina lokoma: maganizo a mbali imene idagonja pa mtsutso sankawafafaniza, koma ankawalemba pamodzi ndi dzina la mwini wake, kuti a m'tsogolo adzawapeze.

M'chaka cha 1923 Rabbi Meir Shapiro wa ku Poland adayambitsa mwambo wakuti Ayuda kulikonse kumene ali aziwerenga tsamba limodzi la Talmud pa tsiku, onse tsamba lofanana. Masambawo alipo 2,711, motero ulendo umodzi umatenga zaka zisanu ndi ziwiri ndi miyezi ngati isanu. Wogulitsa m'sitolo, dokotala, woyendetsa galimoto, aliyense ndi tsamba lake la tsikulo. Akamaliza amachita chikondwerero, m'mawa mwake n'kuyambanso tsamba loyamba. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma liuli si chuma cha anthu opembedza okha. M'chaka cha 1670 ku Amsterdam kudatuluka buku lotchedwa Tractatus Theologico-Politicus, lopanda dzina la mlembi, ndipo pa chikuto adanamizira kuti lasindikizidwa ku Hamburg. Mwini wake adali Baruch Spinoza, wopala magalasi a maso ndi a zoonera kutali, amene anthu a mtundu wake adamchotsa m'sunagoge m'chaka cha 1656. Bukulo linkateteza ufulu wa munthu woganiza ndi kunena zimene akuganiza, ndipo linkasanthula Malembo ngati mabuku ena onse akale; akuluakulu a ku Holland adaliletsa m'chaka cha 1674. Zambiri za m'menemo Mkhristu sangagwirizane nazo, koma palibe angakane kuti mlembiyo adaugwira mutu wake osautaya. Patapita zaka pafupifupi 250, Ludwig Wittgenstein wa ku Vienna adalemba kabuku kake ali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kadatuluka pa Chijeremani m'chaka cha 1921, ndipo m'chaka cha 1922 kadatuluka ku London ndi dzina lakuti Tractatus Logico-Philosophicus, limene G. E. Moore adalipereka pokumbukira buku la Spinoza lija. Masamba ake sakwana 100, ndipo kadamangidwa pa mfundo zazikulu 7 zokha, zonse pa funso limodzi: kodi chinenero chingathe kunena chiyani, ndipo chimalekezera pati? Mlembiyo poganiza kuti nkhaniyo waitsiriza, adapita kukaphunzitsa ana m'masukulu a kumidzi ku Austria. Apa tikuona kuti chimene chimapatsa buku dzina limeneli si kunenepa kwake. Lina ndi lochindikala ngati njerwa, lina ndi lopyapyala ngati kope la mwana wa sukulu. Chofanana n'chakuti onse adakhala pa mutu umodzi mpaka adafika pa fupa.

Kwa ana athu amene akuphunzira Chingerezi, nayi nkhani ya kagwiritsidwe ntchito kake. M'chinenero chimenecho muli mau atatu a mimba imodzi. Lodziwika ndi treatise, limene limanena za buku lililonse lozama la mutu umodzi, kaya wa malamulo, wa mankhwala kapena wa ulimi. Lachiwiri ndi tractate, limene lidangochotsedwa mchira wa Chilatini, ndipo ndi losowa ndithu. Ngakhale eni chinenerocho ambiri sakumana nalo. Malo ake enieni ndi ochepa: mitu ya Mishnah ndi Talmud, maulaliki a Augustino aja, zolembedwa 52 zakale zimene zidapezeka mu mtsuko pafupi ndi Nag Hammadi ku Ejipito m'chaka cha 1945, ndi kabuku ka John Milton ka za maphunziro ka m'chaka cha 1644. Mwana amene angatche chimangirizo chake cha ku sekondale ndi dzina limeneli adzafanana ndi munthu wovala suti ya ukwati popita ku dimba.

Lachitatu ndi tract, limene ife tidalilandira kuti thirakiti: kapepala kaja amatigawira pa msika kapena pa depoti ya mabasi, kamene kamatha kuwerengedwa basi isananyamuke. N'zodabwitsa kuti mwana wobadwa kwa kholo loleza mtima chotere adasanduka wothamanga. Koma nayenso ali ndi mbiri yolemekezeka. Kuyambira m'chaka cha 1833 mpaka 1841, John Henry Newman ndi anzake a ku Oxford adafalitsa zolemba 90 zotchedwa Tracts for the Times, zoitana mpingo wa Anglican kuti ukumbukire mizu yake yakale. Zoyambirira zidali timapepala ta masamba owerengeka, koma m'kupita kwa zaka zidakula, zina mpaka kusanduka mabuku enieni, chifukwa mafunso amene timapepalato tidadzutsa sakadayankhidwa pa masamba anai. Cholemba cha nambala 90 chidautsa mkangano waukulu ndipo mndandandawo udathera pomwepo. Newman adalowa Eklezia Katolika m'chaka cha 1845, adakhala kadinala m'chaka cha 1879, ndipo adalengezedwa kukhala woyera m'chaka cha 2019. Mzimu wa gulu limenelo udafika ndi kuno kwathu kudzera mwa amishoni a UMCA, amene adafika ku Magomero m'chaka cha 1861 ndi Episkopi Charles Mackenzie, ndipo pambuyo pake adakhazikika pa chilumba cha Likoma.

Nanga pa Chichewa tinganene kuti chiyani? Tidayesa maina angapo ndipo lililonse lidaperewera. Buku ndi lotakata kwambiri. Nkhani ikhoza kukhala ya pa chitsime. Chiphunzitso chimanena za zimene zaphunzitsidwa, osati za thukuta la wophunzitsayo. Koma pamene maina adatithawa, aneni adabwera ambiri: kusanthula, monga munthu wofuna singano m'thumba la nsanza, kutambasula, monga mai woyala chitenje kuti maluwa ake onse aoneke, kupenda, kufukula, kuzukuta. Chinenero chathu chimaidziwa bwino ntchitoyo ngakhale sichidaipatse chikuto.

Patapita sabata tidapita kwa mphunzitsi wathu uja ndi zonsezi, tili onyadira ngati mwana wobwera ndi mbewa yake yoyamba. Adatiyalira mkeka pakhonde, namvetsera osatidula. Titamaliza adagwedeza mutu nati: "Ndamva, Bambo. Ndiye kuti ndi mlandu wokambidwa mpaka kutha. Ngati uja wa ana athu aja a kutsidya kwa dambo."

Sadaonjezere kanthu, ndipo sadayang'ane kumaso kwathu. Koma ife mau amenewo adatilasa, pakuti mlandu umenewo tinkaudziwa. Eni ake adatilola kuunena pano, malinga tisatchule maina.

Tidali titangodzozedwa kumene. Tsiku lina la Mulungu, Misa yoyamba itatha, mai wina ndi mwamuna wake adatipeza tikukankha njinga yamoto, tikuthamangira Misa yachiwiri ku tchalitchi la kumudzi. Maiyo adadandaula kuti bambo wa kunyumba adagulitsa matumba awiri a chimanga osamuuza, ndalama osazionetsa. Mwamunayo adangoti zyoli. Ife tidaona kuti nkhaniyo ndi yapafupi. Tidawakumbutsa za malonjezo a pa guwa, tidamdzudzula bamboyo chifukwa chobisa, tidamlimbikitsa maiyo kuti akhululuke, tidawagwiranitsa chanza, tidawadalitsa, n'kuliza njinga. Zonse zidatenga mphindi khumi ndi zisanu, ndipo panjira tinkadziyamikira. Pasanathe masabata awiri tidamva kuti mwamuna uja wanyamula kathumba kake wabwerera kwao.

Mphunzitsi wathu sadatidzudzule. Adangoitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, nakhala nawo pansi pa mtengo wa mango Loweruka linai lotsatizana. Loweruka loyamba adakamba za chimanga chokha, ndipo zidadziwika kuti ndalama zija zidalipira sukulu ya mwana wa mlongo wake wa bamboyo, amene iye monga malume adali ndi udindo pa iye. Lachiwiri adafunsa chifukwa chimene adabisira, ndipo mwamunayo adaulula kuti pokhala mkamwini, wolima munda wa eni ake, ankachita manyazi kupempha chimanga chimene iye yemwe adachikhetsera thukuta. Lachitatu ndi pamene maiyo adalira. Zaka ziwiri m'mbuyomo adataya mwana wakhanda mwamuna wake ali ku ganyu kutali, ndipo akuchimuna adafika pa maliro mochedwa, thupi litaikidwa kale. Chichokereni tsiku limenelo palibe adamupepesa, ndipo tsopano ankaona chimanga cha ana ake chikupita kwa anthu omwewo. Loweruka lachinai akuchimuna adabwera ndi nkhuku. Banjalo lidabwererana atakolola. Sitinganene kuti zonse zidatheratu, ankhoswe amawayenderabe. Koma utsi ukufuka pa nyumba imodzi.

Palibe bodza limene tidanena m'mawa uja pafupi ndi njinga yamoto. Malonjezo a pa guwa ndi oona, kubisa n'koipa, kukhululuka n'kofunika. Cholakwa chathu chidali chakuti tidapereka thirakiti pamene pankafunika tractatus. Tidapinda chikopa chouma ndipo chidasweka m'manja mwathu. Mkulu amene sadaphunzire Chilatini adachita zimene Tomasi ankachita: adatenga funso limodzi pa nthawi, adalola aliyense kunena mbali yake mpaka mwini wake atakhutira kuti wamveka, ndipo sadaope kunena kuti, lero tilekeze pano, tidzapitirize Loweruka.

Sitikunyoza mau achidule ayi. Nyumba ikamapsa sitiitana ankhoswe, timakuwa. Mwana akamayandikira chitsime liu limodzi ndi lokwana. Koma masiku ano anthu ambiri ali ndi foni m'thumba, ndipo tazolowera kuti nkhani iliyonse ithere pa mizere iwiri. Abale akugawana munda wa malemu bambo awo pa WhatsApp, wina ali ku Johannesburg, wina ku Lilongwe, wina kumudzi, aliyense akuyankha asanamalize kuwerenga za mnzake. Mtsikana akuuza makolo ake nkhani yaikulu ya moyo wake, ndipo yankho latuluka iye asanatseke pakamwa. Mwana akufunsa chifukwa chimene Mulungu adalolera kuti agogo ake avutike chotero asanamwalire, ife n'kumuponyera yankho la pamtima kuti atisiye tipume. Mafunso oterewa ndi zikopa zouma. Amafuna madzi, manja ndi masiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'banja lililonse muli nkhani imodzi kapena ziwiri zimene aliyense amazilambalala ngati chitsa cha pa njira: malire a munda, ngongole yakale, mau amene adanenedwa pa maliro. Sizifuna munthu wodziwa Chilatini. Zifuna kuti wina ayale mkeka, anene kuti lero tikamba imodzi yokhayi, ndipo pamene mnzake akulankhula iye asamanole yankho mumtima koma amvere mpaka athe kubwereza zimene wamva, mwini wake n'kuvomera. Zikakanika tsiku limenelo, si kulephera. Augustino adaimika Yohane nthawi ya Pasaka n'kudzamubwereranso, ndipo asodzi a ku Hippo adamudikira.

Buku lakuda lija sitidalitaye, ngakhale chiswe chidaboola ngodya ya pansi ya masamba ake oyambirira. Mphunzitsi wathu adapempha kuti tizimuwerengera, poti akuti wakhala akuphunzitsa ana za chaulere moyo wake wonse ndipo akufuna amve zimene azungu akale aja adapezamo. Tsono Lachinai lililonse madzulo timakhala pakhonde pake, ife ndi buku lotanthauzira mau pa bondo, popeza Chilatini chathu chidachita dzimbiri, iye ndi kapu ya tiyi. Timamasulira ndime imodzi, iye amafunsa, nthawi zina amatsutsa, ndipo kawiri konse watibweza tsamba la m'mbuyo chifukwa tidathamanga. Pamene tikulemba pano tili pa tsamba 41. Bukulo lili ndi masamba oposa 600.